Osewera a bambo a Tadala ayenda m'matope

Lamulungu lapitali magetsi anazima m'mawa kwathu ku Nkolokosa. Foni m'nyumba mwathu ndi imodzi, ndipo moto unali utatsala wochepa. Tsiku lomwelo amayi anga amayenera kuimba kuchokera ku Nsanje, kundiuza ngati abambo atuluka m'chipatala. Amayi alibe foni. Amabwereka ya mnzawo wa kutchalitchi akaweruka mapemphero, ndiye akaipeza yathu yozima, basi, mpaka Lamulungu lina.

Bambo a Tadala, amuna anga, anakhala pakhonde n'kutsegula gemu yawo ya mpira.

Ine pakamwa m'polemera. Ndinangoti, "Bambo a Tadala, motowo."

"Theka loyamba lokha, mayi a Tadala. Tikubweza chigoli."

Inu amene muli pabanja, theka loyamba linathapo?

Mwayi wanga ndi wakuti pakhomo loyandikana nafe pamakhala mayi Fulawo, amene amakonza mafoni ku Limbe. Tsiku lina tikuchapa anandiuza kuti m'foni muli kaubongo, ndipo kaubongoko kali ndi kapitawo wake. Ntchito ikachuluka, kapitawo amati thamanga. Ikachepa amati yenda. Ikasowa amati gona. Kuthamangako ndiye kumadya moto ndi kutenthetsa foni.

"Zili ngati dalaivala wa minibasi," anatero mayi Fulawo. "Podikira anthu pasiteji injini imangong'ung'udza. Amaponda moto akafika pachitunda. Tsono ukadina kabatani ka chithunzi cha batire aka, wamuuza kapitawo kuti lero kulibe kuthamanga, kaya chitunda chitalike bwanji."

Ndinamutsina pang'ono Tadala? Ayi, musandinamizire. Analira yekha, mwana wanzeru. Ndinawapatsira bambo ake, iwo n'kundipatsa foni kuti ndigwirizire. Chala changa chinapita chokha pakabatani kaja.

Atabwerera ku gemu, osewera awo anayamba kuyenda ngati akuwoloka dambo nthawi ya dzinja. Wina anatukula mwendo kuti amenye mpira, mpira unali utapita kale. Anawamwetsa chigoli, kenako china.

"Foni iyi yakalamba," anatero, akuigwedeza ngati botolo la mankhwala. "Kapena mwana wailowetsa phala?"

"Mwina anyamatawo atopa," ndinayankha, maso ali pathewera. "Mumawasewetsa tsiku lililonse."

Anaiponya pamphasa n'kupita kukameta.

Nditatsala ndekha ndinayamba kuichitira nsanje foni ija. Kachinthu kopanda magazi kali ndi wokauza kuti kapume. Kakatentha kamadzichepetsera liwiro kokha, ndipo palibe amakatcha kaulesi. Nanga ife? Taonani amayi mumsika wa Limbe, mwana kumsana, dengu pamutu, akuthamangira minibasi ngati ndi yomaliza. Kunyumba zovala zikudikira, madzi abwera pampopi, atungidwe asanapitenso. Mutu ukatentha timamwa panado n'kupondanso moto. Ukakhala pansi masana, alamu ako akupeza, afunsa ngati wadwala.

Akulu anati kuthamanga sikufika. Opanga mafoni anamva. Ife eni mwambi tinauika m'kabati.

Foni inalira dzuwa litapendeka, kamzere ka moto katafiira, kowonda ngati ulusi. Anali amayi. Abambo atuluka, akudya, ayambanso kukangana ndi wailesi. Tinacheza mpaka amayi anamva Tadala akuseka, kenako foni inazima ili kukhutu kwanga.

Bambo a Tadala atabwera anati mawa aipereka kwa mayi Fulawo aione. Ndinavomera ndi mtima wonse. Tsamba lino la m'nyuzinso sindikuopa kuti aliwerenga, iwo nyuzi amayambira kumasewero n'kuthera komweko.

Kenako anati, "Mayi a Tadala, madzi osamba."

Ndinadzuka bwinobwino. Ndinamanga chitenje, n'kuchimasula, n'kuchimanganso. Ndinayenda kupita ku mbaula phazi limodzi, kenako linzake.

"Kodi inunso mwatani lero?"

"Ndadina kabatani," ndinatero chapansipansi.

Sanamve. Nanga inu mayi mnzanga, kanu kali pati?