Mpango Woyera Pakamlatho

Azakhali anga amagwira ntchito ku nazale ya mitengo, makilomita khumi ndi asanu ndi anayi kuchokera kwathu. Ena amati ndi makumi awiri, koma amene amanena choncho amayenda pa njinga zakutha. Ntchito yawo ndi kuthira dothi m'machubu, kufesa njere ndi kuthirira mbande. Ayigwira zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo zikhadabo zawo zinaleka kalekale kuyera.

Nyumba yawo ili pamwamba pa chitunda pomwe lole ya kampani siifika. Loleyo imadutsa m'munsi, pakona pomwe pali kamlatho, cha m'ma hafu pasiti faifi m'mawa. Nthawi imeneyo chigwa chonse chimakhala chitafunda chifunga, moti munthu woima pamsewu amaona ngati chitunda chikuyandama. N'chifukwa chake azakhali amavala mpango woyera kumutu. Dalaivala wakale, bambo wa imvi wosakonda zolankhula, ankati akafika pakamlatho ankazimitsa injini n'kuyang'ana kumtunda. Akaona kanthu koyera kakutsika m'chifunga ngati kakowa, ankadikira.

Mu lole mulibe mipando. Anthu amaimirira atagwira zitsulo, aliyense pamalo pake pa masiku onse. Malo a azakhali ndi kumbuyo kwa mnzawo wa pamtima, Make mapasa. Amatsamiritsa chipumi pamsana pa mnzawoyo n'kugona choimirira, ndipo amati tulo ta mu lole timakoma kuposa ta pamphasa. Msewu umadutsa m'nkhalango zimene zinayambira m'manja mwawo zili timbande totalika ngati chala. Kutulo, akuti mitengoyo imabwera m'mbali mwa msewu kudzawalonjera ngati ana asukulu, ndipo iwo amaidziwa ndi zaka zake: iyi ndi ya chaka cha mvula yambiri, iyo ndi ya chaka chimene anamwalira amuna awo.

Chaka chatha dalaivala wakale anapuma pantchito. M'malo mwake munabwera bambo wachichepere wa wotchi yonyezimira, ndipo tsiku loyamba lomwelo ananeneratu kuti wosapezeka pamsewu atsala. Apa n'kuti mawondo a azakhali atayamba kuwakana. Kulawirira sakanatha, chifukwa kanjira kotsikira kumsewu ndi koterera ndipo maso awo saonanso bwino kusanayere. Mwezi umodzi lole inawasiya kawiri, iwo akuiona ndi maso nyali zake zikuzimirira m'chifunga. Kapitawo anawaitanira pambali.

"Mayi, ine sindifuna, koma kachitatu dzina lichoka m'kaundula."

Lolemba lotsatira, lole inafika pakamlatho azakhali ali pakati pa chitunda. Pamalopo pamakwerera anthu asanu ndi awiri. Make mapasa anaona mpango uja patali, n'kutsina mdala wina wonenepa amene anthu amangomutcha Apatapata, chifukwa sanavalepo nsapato zotseka. Mdalayo anaponda tayala, nakweza mwendo, patapata n'kugwera kunsi kwa lole.

"Adalaivala, musayende! Mundipondera chuma changa!"

"Madala, fulumirani! Nthawi!"

"Mimba iyi mukuiona? Imalowa pansi pa galimoto mwaulemu, osati mothamanga."

Anagwada, anafwenthera, anatulutsa mwala m'malo mwa patapata, anthu kuseka. Pamene ankadzuka, azakhali anali atagwira kale chitsulo, akupuma mwawefuwefu.

Kuyambira tsikulo anthu apakamlatho anayamba kusinthana. Lachiwiri khasu linagwa. Lachitatu nsalu ya Make mapasa inakodwa pachitseko, ndipo panafunika amayi atatu kuti aikole. Lachinayi chivindikiro cha botolo chinagubuduka mpaka mu ngalande. Lachisanu nzeru zinatha, ndiye patapata inagwanso.

Dalaivala anazimitsa injini natsika. 

"Kodi galasi ili mumayesa ndi lopesera tsitsi? Ndimakuonanitu. Madala, patapata yanu imagwa ndi ndandanda?"

"Yakalamba, mwanawe," anayankha Apatapata motsitsa mawu. "Zokalamba zimachedwa."

Dalaivala sanaseke. Anatsatira kumene maso a anthu onse ankayang'ana. Kumtunda kunalibe njira, kunalibe nyumba, kunali chifunga chokhachokha, ndipo m'kati mwake kanthu koyera kankatsika, kuima, n'kutsikanso. Anayang'ana wotchi yake nthawi yaitali ndithu. Make mapasa akuti ankaganiza kuti dalaivala akangokwera n'kuliza injini, mnzawo ntchito yatha.

Kenaka dalaivala anapita pa tayala lakutsogolo n'kulimenya ndi nsapato. Anawerama, analimvetsera, napita pa lachiwiri.

"Lamulo la kampani limati ndiziona matayala tsiku lililonse," anatero osayang'ana munthu. "Silinanene kuti ndiziwaonera pati."

Loleyo ili ndi matayala asanu ndi limodzi. Azakhali anafika iye ali pa lachisanu.

"Mwanawe, matayala ali bwino?"

"Ali bwino, mayi. Kwerani, tachedwa."

Mpaka lero matayala amaonedwera pakamlatho. Masiku a mvula, kanjira kakaterera kwambiri, dalaivala amazungulira lole kawiri, ndipo Apatapata amadandaula kuti anawalanda ntchito. Dzina la azakhali likadali m'kaundula. Amakwera, amatsamira pamsana pa mnzawo, ndipo lole isanamalize kona amakhala atagona kale. Anandiuza kuti masiku ano maloto awo amayamba ndi kugogoda, ngati munthu ali pakhomo la nkhalango, kenaka mitengo imapatuka kuti iwo adutse.