Alendo a M'bokosi Lagalasi

Ine sindinasungepo chinthu n'kundifera chifukwa cha ulesi. Ndinagwira ntchito ya ukalipentala pa sukulu ya mishoni mpaka kupuma, ndipo madesiki anga akadalipo. Choncho mkamwini wanga, amene ankagwira ntchito pamalo ogona alendo ku Chitimba, atabwera ndi bokosi lagalasi ndi nsomba za mbuna m'ndowa, sindinafunse zambiri. Anati ndizizipatsa chakudya kamodzi pa tsiku, kongotsina ndi zala ziwiri. Anati bokosi lisaone dzuwa, ndipo madzi apampopi aziyamba agona m'ndowa kuti mankhwala ake athe. Ndinamva. Ndinapala thebulo la mlombwa n'kuliimika pabalaza pathu pa Boma.

Nsombazo zina zinali zachikasu, zina zabuluu. Inali nthawi imene zipani zinali zitangochuluka, ndiye aliyense wolowa m'nyumba ankafuna kudziwa kuti chikulamula m'madzimo ndi chipani chiti. Ndinasangalala ngati mwana. Ine amene ana anga sanandionepo mano, ndinkagwada pagalasi m'mawa n'kumazipatsa moni. Ina yaikulu, yamwano, ndinkaitcha Wapampando.

Akazi anga ankaliyang'ana bokosilo ndi diso lina. Anali ndi makapu amaluwa amene anakhala m'katoni kuyambira pa ukwati wa mwana wathu, ndipo ankati galasi labwino chotere likuwonongekera ndiwo zosadyedwa.

Kenaka madzi anachita mbuu, ngati otsukira mpunga. Wapampando ankangooneka akafika pagalasi penipeni, n'kuzimiriranso ngati lole ya ku Nyika m'chifunga. Zina zinkakwera pamwamba kukayasama. Akazi anga anaika lamulo: mwana wathu ndi mwamuna wake akubwera pa Khirisimasi, ndipo akadzapeza madzi ali chonchi, nsomba zidzakwera nawo minibasi kubwerera kwawo, bokosi lidzakhala la makapu. Ndinavomera msanga kuti asaone kuti ndachita mantha.

Kuimbira mkamwini foni sindikanatha. Mpongozi sapempha nzeru kawiri. Ndinachita monga pa ntchito yanga: chitseko chikamakana kutsekeka suthamangira kupala, umayamba waona chimene chapotoka. Madzi obiriwira ndi ndele, ndipo ndele imabwera ndi dzuwa. Anga sanali obiriwira. Likanakhala fumbi la miyala ya m'bokosimo likanakhazikika pansi, koma ndinatunga madziwo m'tambula, ndinawasiya tsiku lonse, osasintha. Ndinanunkhiza. Fungo lake linali la mphale yoviika. Apo ndinaima. Ndinapisa dzanja, ndinatembenuza mwala umodzi, pansi pake panafuka phala la madeya. Ine sindinapatsepo nsomba madeya.

Sindinafunse munthu. Lachinayi, tsiku limene amayi akumpingo ankadzera kwathu pochokera ku mapemphero, sindinapite kumsika monga ndinkachitira. Ndinakhala pakona ndi wailesi yanga. Analowa ndi malaya awo oyera, anapereka moni kwa ine, kenaka kwa nsomba. Mayi wina wa ku Mhuju anamasula kansalu, muli madeya. Wina anatulutsa nyenyeswa za sikono, wina kachinangwa kophika. Akazi anga anabweretsa kambale kamene kankabisala kuseri kwa maluwa apulasitiki, ndipo aliyense ankatsina n'kuwaza, akuseka, nsomba zikulimbirana.

Ndinafunsa chimene ankachita. Akazi anga sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

"Adada, alendo achokera kutali, tsiku lonse ali kukamwa yasa, inu mukuwapatsa kongotsina. Anthu atiyesa otani?"

Mayi wa ku Mhuju anawonjezera kuti kwawo munthu sapita kukaona mlendo chimanjamanja.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, koma chinatuluka ndi chiseko. Ndinaseka mpaka kutsokomola, amayi aja n'kuyang'anizana, wina n'kuthamangira madzi akumwa. Nditapeza mpweya ndinaimirira. Ndinawafunsa kuti mlendo amakhala mlendo mpaka liti. Anati akagona masiku angapo timampatsa khasu.

"Basi," ndinatero. "Awa ulendo wawo unatha kale. Kuyambira lero ndi ana a m'nyumba muno. Ana a m'nyumba muno amadya zimene ndanena ine, pa nthawi imene ndanena ine. Kafunseni amene ndinabala."

"Zimenezo n'zoona," anatero akazi anga. "Onse anakula owonda."

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wa ku Mhuju anathokoza kuti yewo chomene, anamanga kansalu kake, madeya anakadya nkhuku.

Inatsala ntchito. Nsombazo ndinazimana chakudya masiku angapo. Sizifa ndi njala yotere. Madzi sindinawataye onse, chifukwa mkamwini anali atanena kuti siponji ya m'kamakina kosefa madzi ndi miyala yozolowera madzi akale ndizo zimatha zonyansa, ndipo ukasintha zonse pamodzi umayambiranso pachiyambi. Ndinkachotsa ochepa okha ndi kapaipi, kukoka kuchokera pansi pa miyala pamene panali phala lija, n'kubwezeramo ogona m'ndowa. Tsiku loyamba ndinayamwa kapaipiko mopitirira, ndinameza. Akazi anga anakhala pansi ndi chiseko, amvekere tsopano ndadziwa chimene Wapampando amamwa. Siponji ndinaifinya m'madzi omwe ndinachotsawo. Sopo amene akazi anga anandibweretsera ndinamubweza.

Poyamba sipanaoneke kusintha, ndipo katoni ya makapu inatsika pamwamba pa wadirobu n'kudzakhala pafupi ndi thebulo langa. Sindinaiyang'ane. Kenaka miyala yapafupi inayamba kuoneka, kenaka yapakati. M'mawa wina ndinagwada kupereka moni, ndipo ndinaona khoma la kuseri kudzera m'madzi, ndi msomali wa kalendala womwe. Nsomba zonse zinali pansi, zikuthamangitsana, palibe yoyasama pamwamba.

Ndinavina. Ine, mkulu wa mpingo, ndinavina malipenga pabalaza, kapaipi ndili nako m'manja ngati ndodo ya kapitawo. Ndinazungulira thebulo, ndinapondanso katoni ija pang'ono. Akazi anga anaima pakhomo ndi tsache, akufunsa ngati aitane anthu a kuchipatala. Ndinawauza kuti aombe m'manja. Anaomba.

Pa Khirisimasi mkamwini anawerama pagalasi nthawi yaitali. Anati ngakhale kuntchito kwawo madzi safika pamenepa, ndipo anafunsa ngati nsombazo zinavutapo. Ndinamufunsa kuti zivute chifukwa chiyani. Akazi anga anangothira tiyi. Minibasi ya ku Chitimba inanyamula anthu okhaokha.

Chaka chitalowa ndinagula galasi lina, ndinawapalira akazi anga kabati ya mlombwa. Makapu aja ali momwemo mpaka lero, moyang'anizana ndi nsomba. Palibe amene anamwerapo.