Matailosi Anga ndi Nyumba ya Mkamwini Mnzanga

Pamudzi pa apongozi anga, kufupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, tinakwatirapo amuna awiri. Ine ndinatenga mwana wamkulu, mnzangayo anatenga wamng'ono. Nyumba zathu zinayang'anizana, pakati pali mtengo wa mango ndi chingwe choyanikapo zovala. Ine ndimalima mpunga. Iye amagula matemba padoko n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo zake zinkayenda. Ndinene pano pomwe kuti munthuyo sanandilakwirepo kanthu. Ndinkangomuchitira nsanje basi, nsanje yeniyeni yotentha pachifuwa.

Chaka chimene anaika matailosi amwala m'nyumba mwake, mudzi wonse unapita kukaona. Azimayi ankavula masilipasi ali kutali ndi khomo. Apongozi, amene kwathu ankangoima pakhonde, anayamba kukapuma masana kumeneko mwini wake akapita ku Limbe, ati pansi pake m'pozizira bwino, miyendo imaleka kuphwanya. Ine sindinapite. Mkazi wanga atandiuza kuti tikaone ndinati ndatanganidwa, mawa lake ndinati mutu, kenako anasiya kundiuza. Zaka ziwiri zinatha ndisanapondemo m'nyumba imeneyo. Moni tinkapatsana pansi pa mango.

Kenako mwana wanga woyamba, wamkazi, anapeza mwamuna, mnyamata wa ku chilumba cha Chisi, ndipo chinkhoswe anagwirizana kuti chichitike mvula isanagwe. Mkamwini pa chinkhoswe alibe mawu. Mwana ndi wa amalume ake, iwo ndiwo amayankhula, iwo ndiwo amalandira tambala. Bambo umangokhala pampando n'kumamwetulira. Chako chimene alendo angaone ndi nyumba imene unamanga, poti ankhoswe akuchimuna amafikira mmenemo ndipo amadyera mmenemo. Ndinatsimikiza mtima kuti anthu a ku Chisi adzaponda pa mwala, ndipo mwala wake udzakhala wanga.

Nditakolola ndinagulitsa mpunga wonse kupatula wakudya, n'kukwera galimoto ya ku Zomba. Sitolo yake ndinkaidziwa kale. Dzina lake ndinaliwerenga pa makatoni amene mnzangayo anataya kudzala, tsiku lina pakhomo palibe wondiona. Mwini sitoloyo anali bambo wachikulire, woonda, woyankhula mosafulumira. Anandionetsa miyala yotuwa, yofanana ndendende ndi imene anthu ankasimba kwa mnzangayo. Ndinakana. Ndinaloza ina yakuda, yonyezimira, imene inali itangofika kumene. Sindinkafuna kuti wolowa anene kuti ndaonera.

Mmisiri wodziwa kuika miyala kwathuko ndi mmodzi yekha, choncho ndinaitana yemwe uja anaika kwa mnzangayo. Mchenga tinakatenga mumtsinje pamene aliyense amatenga, madzi tinatunga pa mjigo wa m'mudzi. Atamaliza, nyumba yanga inasanduka ina. Kwa masabata atatu ndinkasiya chitseko chotsekula tsiku lonse kuti wodutsa aone, ngakhale nkhuku zinkalowa.

Sabata yachinayi mkazi wanga akusesa anapeza tizidutswa takuda m'zinyalala. Tinayesa kuti ndi makala. Mawa lake tinachuluka. Miyala ija inayamba kusendeka ngati anyezi, pamwamba kuchoka, pansi kutsala dothi lotuwa lokhakhala. Ndinayalapo mkeka umodzi pafupi ndi khomo. Posakhalitsa inali mikeka inayi, ndipo chitseko ndinayamba kutseka. Ndinauza mkazi wanga kuti asauze mng'ono wake.

"Mng'ono wanga ali ndi maso, bambo," anatero. "Akuona kuti munthu amene anagula mwala akugulanso mikeka."

Ndinatola tizidutswa tija m'jumbo n'kubwerera ku Zomba. Mwini sitolo anatitenga m'manja, n'kutifikisa ndi chala.

"Paja mumakhala kuti, bambo?"

"Kwa Kuntumanji, kumunsi kunyanja."

"Basi, ndi mchere umenewo. Madzi akwanuko ndi amchere, nthaka yake yamchere. Mwakandira simenti ndi madzi otero, mukukolopanso ndi madzi omwewo. Mwala ulibe mlandu. Katundu wanga akatuluka pakhomo apa ali bwino, za kunyanja sindingaziyankhe ine."

Ndinapsa mtima. Ndinayankhula zambiri, zina sindingazilembe, mpaka ogula ena anasiya zogula n'kumandiyang'ana. Iye anangodikira kuti ndimalize. Kenako anati kutsutsa galu n'kukumba, Lachinayi ali ndi katundu wopita naye kudoko, adzapatuka kuti adzaone yekha. Ndinatuluka, koma pansi pamtima ndinkadziwa kuti madzi athu ndi amcheredi. Ngakhale tiyi wathu alendo amamusiya m'kapu.

Kunyumba ndinafotokozera mkazi wanga ali kupeta mpunga. Sanasiye kupeta.

"Mjigo wathu ndi wa mng'ono wanga ndi umodzi," anatero. "Mmisiri mmodzi, mchenga umodzi, sitolo imodzi. Kwawo zaka ziwiri palibe chasendeka. Munthuyo akabwera mukamulowetse uko akaone."

Ndinamuuza kuti bola nditafune miyalayo n'kumeza kusiyana n'kukapempha umboni m'nyumba ya munthu wa matemba.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero, n'kupitiriza kupeta.

Lachinayi chakumasana mwini sitolo anafikadi pa kagalimoto kake. Ndinachotsa mikeka. Anayenda uku ndi uku, miyala ikunyenyeka pansi pa nsapato zake. Anapempha madzi a m'ndowa, analawa, n'kulavula panja.

"Mwaona nokha, bambo. Pepani ndithu, koma apa palibe chimene ndingachite."

Anayamba kupita ku galimoto. Ine ndinaima pakhonde, ndikuyang'ana nyumba ya kutsidya kwa mango. Mpunga wa chaka chonse unali pansi panga apo, ukusendeka. Atagwira chitseko cha galimoto ndi pamene mawu anatuluka.

"Tabwerani kaye, akulu. Pali nyumba ina ndikufuna muone."

Kuchoka pakhonde panga kufika pakhonde pa mnzangayo si patali, koma ndinafika thukuta lili kamukamu. Apongozi anali pamkeka pambali pa nyumba ndi mwana wawo wamng'ono, akusenda nandolo. Ndinati odi. Mnzangayo anali mkati akusoka thumba la matemba.

"Lowani, achimwene," anatero, ngati munthu amene anabweranso dzulo.

Zimenezo zinandipweteka kuposa akanadabwa. Ndinavula nsapato n'kulowa. Pansi panali pozizira monga apongozi ankanenera, posalala, popanda ndi mng'alu umodzi womwe. Ndinayembekeza kuti mwini sitolo aona yekha, koma anangoima n'kumandiyang'ana, akudikira kuti ndinene chimene ndamuitanira. Choncho ndinanena, ndi pakamwa panga, zenera lili lotsekula, apongozi akumva.

"Onani pansipa. Miyala iyi ndi ya m'sitolo mwanu. Anaika ndi mmisiri yemweyo, madzi a mjigo womwewo. Zaka ziwiri tsopano. Ndi yolimba, ndi yosalala, ndi yokongola. M'mudzi muno mulibe nyumba yoposa iyi."

Mawu omalizawo sanali ofunikira pa mlanduwo, koma anatuluka okha, poti ndinali nditawasunga zaka ziwiri. Panja kusenda nandolo kunaleka.

Mwini sitolo anafunsa mnzangayo za madzi okolopera. Iye anati ndi a pa mjigo, tsiku ndi tsiku, ena kulibe. Bamboyo anagwada n'kugogoda miyala ndi kiyi. Tinabwerera kwanga, anagogodanso, kenako anatulutsa kampeni n'kutukula mwala umodzi wa pakhomo. Anauyang'ana m'mbali kwa nthawi yaitali. Unali ndi mizere ya dothi pakati.

"Uwu anaudula pamwamba pa thanthwe, sunakhwime," anatero. "Vuto si lanu, bambo. Ndi la amene anandigulitsa, ndipo inenso ndinalandira osayang'ana. Ndikupatsani ina."

Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo. Koma anali asanamalize. Anati anthu odula miyalawo sangamupatse ina asanaone yoipayo, yonse. Lole yopita kumeneko inyamuka Lolemba, ndipo ndi yomaliza, chifukwa mvula ikagwa msewu wake sudutsika. Miyala yatsopano idzafika pakapita masabata atatu. Chinkhoswe chinali Loweruka la sabata yomweyo ya lole.

"Simungandidikire masiku asanu okha?"

"Lole si yanga, bambo. Ikapita yapita, ndipo chaka chamawa anthu aja sadzandimveranso. Mukhale mutakumba pofika Lamlungu, kapena tiziiwale."

Atapita tinakhala pakhonde atatu, ine, mkazi wanga ndi mwana wathu uja. Mkazi wanga anati tiyale mikeka yatsopano nyumba yonse, alendo adye, za miyala tizitaye. Mwanayo, amene sankalowerera nkhani za akulu, anayankhula ali chowerama.

"Ababa, ine mikeka ndilibe nayo vuto. Ndikungofuna anthu aja adzafikire m'nyumba mwanu. Ndinakulira muno."

Ndinamumva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinamve. Koma maso anga anali kutsidya kwa mango. Ndinaganiza za zaka zonse zimene ndidzakhale ndikuyenda pa mikeka yobisa zinyenyeswa, iye akuyenda pa mwala umene ine ndemwe ndautamanda pamaso pa apongozi. Nsanje imene inandigulitsa mpunga ndi yomwe inasankha. Loweruka m'mawa ndinabwereka piki n'kuyamba kukumba.

Pofika Lamlungu madzulo m'nyumba mwanga munali ngati munda wogaula, zibuluma za simenti ponseponse, fumbi mpaka kudenga. Mpando sukanaima. Apongozi sanayankhule nane, anangotuma mawu kudzera mwa mkazi wanga kuti alendo adzafikira kwa wamng'ono.

Miyala yatsopano inabweradi pa nthawi imene bamboyo ananena, yotuwa, ndipo mpaka lero ili bwino. Koma chinkhoswe sichinaidikire.

Loweruka lachinkhoswe anthu a ku Chisi anafika mmamawa, atawoloka pa boti la injini. Anawalowetsa m'nyumba ya mnzangayo, ndipo ine anandipatsa mpando wa pakona, monga bambo wa mwana. Nditakhala ndinaona kuti pakhoma pali msomali wopanda kanthu. Lachinayi lija panali chithunzi cha ukwati wa mnzangayo. Anali atachichotsa, ndipo iye mwini sanakhale pansi, ankangolowa n'kutuluka atanyamula mipando ngati munthu wongothandiza.

Nthawi ya chakudya mwana wanga analowa ndi beseni ndi jagi, n'kuyamba kusambitsa alendo m'manja atagwada. Amalume a mnyamatayo, bambo wamkulu wa imvi, anavula nsapato imodzi n'kupondetsa phazi pansi. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo, mwamanga," anatero. "Ife kuchilumba zoterezi timangozimva. Mwana wathu akulowa pakhomo pa munthu wakhama. Mtsikana wokulira m'nyumba ngati ino sitingamukayikire."

Mkazi wanga anayang'ana pansi. Mnzangayo anali ataima pakhomo, mpando uli m'manja, ndipo ndinadikira kuti akonze, ngakhale ndi kuseka chabe. Iye anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Zoonadi, achimwenewa ndi akhama."

Pamenepo ndinamuchitira nsanje yoposa ya miyala, chifukwa ndinadziwa kuti ine ndikanakhala iye sindikanatha kutero. Mwana wanga anali atafika pa ine ndi beseni lake. Anagwada, n'kundiyang'ana m'maso, akudikira kuti bambo ake anene kuti kwawo ndi uko kutsidya kwa mango.

"Zikomo," ndinawayankha amalume aja. "Timayesetsa."

Mwanayo anandithira madzi m'manja, n'kupita kwa wotsatira osandiyang'ananso.