Diso lakumanzere la a Bizwick

A Bizwick anali alamu anga, amuna a mng'ono wanga Salome. Anabadwira ku Thekerani makolo awo atangowoloka kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo ku esiteti anabwera ali mnyamata kudzathyola tiyi ngati wina aliyense. M'munda sanakhalitsemo. Anali munthu waukhondo mopitirira, wotsuka ngakhale khasu akaweruka, ndipo kapitawo wina ataona zimenezi anawatumiza kunyumba ya bwana kukatsuka mbale. Pofika 1950 anali wetala, woperekera zakudya patebulo atavala jekete yoyera ndi magolovesi. Ntchitoyi inkabwera ndi nyumba ya njerwa kuseri kwa khitchini. Ana awo ankagona pouma, pamene ife a m'malaini, nyumba za antchito wamba, tinkatchera mabeseni mvula ikayamba.

Mowa sanaulawepo chibadwire. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nkhope yawo inkawanamizira. M'munsi mwa maso onse awiri munali matumba otupa, olendewera, ngati a munthu amene wagona kokatcheza kachasu. Amayi awo anali nawo, amalume awonso anali nawo. Sankapweteka, sankatsekereza kuona. Bwana wakale anadya chakudya cha m'manja mwawo zaka zambiri osanenapo kanthu.

Kenako bwana uja anabwerera kwawo, kunabwera wina ndi dona wake wachitsikana. Tsiku lina madzulo ndili kwa Salome tikusenda chinangwa, alamu analowa n'kukhala pampando osavula jekete.

"Dona akuti ndimaoneka ngati chidakwa," anatero. "Akuti alendo ake sangadye nkhope yotupa itawaimirira pamutu. Ikafika Khirisimasi ndikadali chonchi, apeza wetala wina."

"Ndiye muikonze bwanji nkhope, bambo a Mtisunge?" anafunsa Salome. "Muisite?"

Alamu sanaseke. Onse awiri ankadziwa kuti wetala wina ndiye kuti nyumba ija ilowa munthu wina.

Anayamba ndi masamba a tiyi. Khukhi anawauza kuti dona mwiniwakeyo amaika masamba ozizira pazikope akadzuka atatupa. Alamu ankatola otsala m'thipoti, kuwakulunga m'kansalu, n'kugona chagada pamphasa nsanzazo zili kumaso, madzi akuda akuyenderera m'makutu.

"Tiyiyu mwamuthyola, mwamuphika, mwamuperekera," ankatero Salome. "Tsopano mwayamba kumuvala?"

Khungu linada, matumba anakhala pomwepo.

Ndiye anapita kuchipatala cha mishoni ku Makwasa. Kumeneko anawaona a Peterson, othandiza dokotala, munthu wofatsa amene tinkapemphera naye limodzi kutchalitchi kumene alamu anali dikoni. Anawayeza mkodzo ndi magazi, osapeza matenda alionse.

"Ndi mafuta chabe, a dikoni, mtundu wanu," anawauza. "Ku Joni azungu olemera amawagoneka tulo, kung'amba pang'ono, kuchotsa mafutawo, n'kusoka. Kuno sitichita zimenezo, mpeni wathu ndi wa odwala. Pitani mukathokoze Mulungu kuti impso zanu zili bwino."

Pa mawu onsewo alamu anabwera ndi amodzi okha, akuti amang'amba.

Kwa sing'anga sakanapita, poti anali dikoni. Koma ku khola la ng'ombe za esiteti kunali bambo wina dzina lake Amosi, amene ankafula ng'ombe zamphongo, ndipo pambali ankalumika anthu, kutema khungu n'kuyamwa magazi ndi nyanga mutu ukakana kupola. Ndinayesa kuwaletsa.

"Amosi saombeza ula, alamu," anandiyankha. "Alibe zithumwa. Ndi mpeni basi, ngati ku Joni. Mpeni si tchimo."

"Ng'ombe zimene amafulazo zinabwerapo kudzathokoza?"

"Inu mulibe nyumba yoti akulandeni," anatero motsitsa mawu.

Salome anali ndi pakati potopa nthawi imeneyo. Anandigwira dzanja nati, "Achemwali, apita ndithu awa. Pitani nawo, mwina akakuchitirani manyazi." Ndinatenga beseni, sopo ndi nsalu yoyera, n'kuwatsatira Lamulungu masana titachoka kutchalitchi.

Amosi tinamupeza akutuluka m'khola, ndowe mpaka m'zigongono. Anapukuta manja pakabudula. Ndinamupatsa sopo uja, iye n'kumununkhiza, n'kumuika m'thumba.

"Simusamba m'manja, bambo?"

"Mayi, ng'ombe sizinadandaulepo."

Anawakhazika alamu pamwala, mutu atautsamiritsa pamtengo wa khola. Ntchentche zochokera pandowe zinayamba kale kuwatera pamphumi. Amosi anasolola lezala pachipewa chake, lezala wadzimbiri wokhala ndi ubweya wa ng'ombe m'mphepete, anamulavulira, n'kumupukuta ndi chala chachikulu. Anatsina thumba lakumanzere ngati akutsina nkhupakupa, n'kucheka.

Alamu sanakuwe. Anangogwira mwala ndi manja onse awiri. Amosi anaika nyanga pabalapo n'kuyamwa kunsonga kwake, masaya akulowa m'kati, ndipo atachotsa pakamwa ndevu zake zinali ndi magazi a alamu anga. Analavula pansi. Poona kuti nyanga yatulutsa magazi okha, analowetsa chikhadabo m'bala muja n'kuyamba kukolowola. Anatulutsa kanthu kachikasu, konyanda, n'kukandiyandikizira kumaso.

"Si awa mafuta akewo? Azungu a ku Joni andiposa chiyani?"

Anakataya pansi, nkhuku inathamangira n'kumeza. Ndaonapo zambiri, ndasambitsapo maliro, amuna anga omwe ndinawadwazika mpaka kumapeto, koma mtima wanga sunanyansidwepo ngati tsiku limenelo. Pamwamba pa zonsezo anasakaniza phulusa ndi mankhwala osambitsira ng'ombe n'kumata pabala. Apo m'pamene alamu anasanza, masanzi n'kugwera pa nsapato zawo za kutchalitchi.

Amosi atatambasula dzanja kuti atsine thumba lakumanja, alamu anamukankha n'kudzuka mwadzandidzandi.

"Khalani pansi, bambo," anatero Amosi. "Ng'ombe sitifula mbali imodzi."

Ndinawagwira pamkono n'kuwatulutsa pamalopo.

Lolemba anatumiza mawu kwa dona kuti adwala malungo. Sabata isanathe tsaya lonse linali litatupa mpaka diso kutsekeka. Mafinya ankadutsa pansalu n'kutsikira m'khosi. Fungo linadzaza nyumba ija ya njerwa moti Salome, ndi pakati pake, ankadyera panja. Ndine ndinkatsuka balalo ndi madzi amchere, ndikupuma ndi pakamwa, ana akuthamangitsa ntchentche ndi nthambi. Atayamba kubwebweta ndi kutentha thupi, amuna a kutchalitchi anawanyamula pamachira kupita nawo ku Makwasa.

A Peterson atamasula nsalu anayang'ana nthawi yaitali. Anangofunsa kuti, "Wachita izi ndani?" Nditawauza, anatuluka panja kaye asanayambe ntchito.

Diso analipulumutsa. Koma bala popola linakoka chikope cham'munsi n'kuchipindira pansi, nyama yofiira ya m'kati n'kukhala poonekera. Kuyambira pamenepo diso limenelo silinasiye kutuluka misozi, usana ndi usiku. Thumba lakumanja linatsala momwe linalili.

Anabwerera kuntchito Khirisimasi itayandikira, jekete itachapidwa n'kuikidwa sitachi. Khukhi ndi amene anatifotokozera zimene zinachitika. Dona atawaona anaphimba pakamwa ndi kansalu ka patebulo. Alamu anawerama kuti aike mbale ya supu patsogolo pa bwana, msozi n'kudontha m'mphepete mwa mbaleyo. Bwana anaikankhira kutali. Dona anafunsa khukhi kuti munthu wanzeru zake angadzivulaze chonchi chifukwa chiyani, ndipo khukhi atamukumbutsa mawu ake aja, anati sakukumbukira kuti ananenapo zotero, mwina ankangocheza.

Sanawachotse ntchito. Bwana anati awachitira chifundo, akhale dobi, wochapa ndi kusita, kuseri kumene alendo safika. Koma nyumba ya njerwa inali ya wetala. Chaka chisanathe tinasenza mphasa, mapoto ndi kabati yawo kutsikira nazo kumalaini, kuchipinda choyandikana ndi changa, ndipo mwana wa Salome anabadwira kumeneko denga likudontha.

Anagwira udobi mpaka pamene anamwalira ndi chifuwa mu 1962. Utsi wa makala a m'simbi unkalivutitsa diso lija, choncho ankasita mutu atautembenuzira kumbali kuti misozi isagwere pa nsalu za azungu. Udikoni sanausiye. Sindinawamvepo akutukwana dona kapena Amosi, ndipo nthawi zina kufatsa kwawoko kunkandinyansa nakonso, Mulungu andikhululukire.

Amosi anapitiriza kufula ng'ombe ndi kulumika anthu. Anthu akamudzudzula pa za alamu anga, ankawauza kuti apite akaone okha ngati thumba lakumanzere lidakalipo. Ena ankapitadi kukasuzumira kochapira kuja, n'kubwerako akuvomereza kuti palibe.