Sakina ndi Madzi Osambitsira Maliro

Sakina anabadwira pafupi ndi Ntaja, mwana wachinayi wa Che Uladi, telala wa pakhonde la sitolo. Sukulu anaiyamba mochedwa chifukwa bambo ake ankaopa kuti kumishoni akamudyetsa nkhumba, koma ataiyamba sanacheukenso. Atamaliza fomu 2, chaka chimene kolera inavuta m'dziko muno, anamva kuti ku Balaka akufuna achinyamata oti aphunzire zaumoyo. Anakwera lole ya chimanga, khadi la chipani atalimangirira pansonga ya chitenje.

Iye ankayesa kuti akaphunzira kubaya jakisoni. Ayi ndithu. Mphunzitsi wawo, a Hudson Nampuntha, ankawatengera kuzimbudzi, kuzitsime ndi kumsika kukayendera nsomba. "Dokotala amadikira munthu adwale," ankatero, "inu ntchito yanu ndi yoti asadwale n'komwe."

Patatha miyezi itatu, aliyense anatumizidwa kumudzi kukayeserera ntchito, ndipo ochita bwino okha ndiwo akanapitiriza maphunziro ku Zomba. Sakina anamubwezera kwawo poti ankadziwa Chiyao.

Sanathe ndi sabata yomwe, mayi wina wapafupi anamwalira atatsegula m'mimba tsiku limodzi lokha. Sakina ataona zofunda zake anadziwiratu kuti ndi kolera. Tsono wosambitsa maliro a akazi m'mudzimo anali azakhali ake enieni, Abiti Sufiyani, mayi woti ngakhale amuna ankamulankhula motsitsa mawu. Sakina anawapeza pakhomo la siwa atapinda kale manja a bulauzi. Anagwada, ndowa ili pambali.

"Azakhali, ndapota nanu, valani magolovesi awa. Ndipo m'madzimo mundilole ndithiremo mankhwala."

"Iwe mwana wadzana lomweli," anatero Abiti Sufiyani, "ndinayamba kusambitsa anthu usanabadwe. Ukufuna mnzanga akafike kwa Mulungu akununkha chipatala?"

Amayi onse maso anali pa Sakina. Iye anayankha ali chigwadire.

"Iyayi, sindikuletsani kusambitsa. Kungoti matendawa sanafe nawo limodzi, akadali pathupipo. Mukatuluka muno mukagwira mtsuko, mukadyetsa adzukulu ndi manja omwewo."

 Azakhaliwo anati nkhaniyi ipite kwa a shehe, amene anali pansi pa mtengo wa mango ndi azibambo. Sakina anathira mankhwala m'kapu ya madzi n'kupereka. A shehe anawayang'ana, nawanunkhiza, nafunsa kuti mankhwalawo ntchito yake n'chiyani.

"Kupha tizilombo tosaoneka ndi maso, a shehe."

"Choyeretsa sichidetsa madzi," anatero iwo. "Sambitsani."

Abiti Sufiyani ndi amayi atatu owathandiza anavala magolovesi akung'ung'udza. Madzi osambitsira anakawathira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, zofunda anazitentha, ndipo pamaliropo sipanaphikidwe kanthu. Anthu anabalalika ndi njala, ena akunena poyera kuti mwana wa Che Uladi sukulu yamuzunguza mutu.

Chovuta chinali kudikira. Sakina anaphunzira kuti kolera ikamugwira munthu imadzionetsa asanathe masiku asanu. M'mawa uliwonse ankayendera nyumba za amayi anayi amene anasambitsa aja, akunamizira kupempha mchere, chikhalirecho akuwayang'ana kuti aone ngati maso awo alowa m'kati. Tsiku lachitatu anapeza chitseko cha azakhali chotseka, pabwalo posasesa. Anaodira kawiri, zii. Anaima pomwepo mpaka anawaona akutulukira kudimba, khasu paphewa, mtolo wa mpiru pamutu.

Tsiku lachisanu azakhali anamuyamba okha. "Mchere wanga watha ndi iwe. Leka kundizonda ngati nkhuku yodwala chitopa, ndili gwa!"

Sakina anakhala pansi pomwepo, nayamba kuseka, misozi ili chuchuchu. M'mudzi monsemo simunadwalenso wina. Masana a tsikulo anagona tulo tofa nato pamkeka, mpaka mayi ake anachita kumudzutsa kuti adye.

A Nampuntha anabwera pa njinga sabata yotsatira, nayendera zitsime, nacheza ndi a shehe, osanena kanthu kwa Sakina. Kalata yomuitana ku Zomba inafika mvula itayamba. Atamaliza maphunziro anamutumiza ku Nayuchi, kumene anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kuona makadi a katemera a anthu otsika sitima ndi kuyendera midzi ya m'malire pa njinga yake yakuda.