Mkono wa Apongozi ndi Tayala la Kumanja

Apongozi anga aamuna ali ndi galimoto yokalamba, ya mtundu uja wokoka ndi matayala onse anayi, imene amatengera matemba ku Chiuta kudzagulitsa pa Ulongwe. Akuti pogulidwa inali yoyera, koma ine ndinaipeza itatenga kale mtundu wa fumbi la ku Ntaja. Fungo lake limafika pakhomo pathu ku Kalembo iyo ikadali pa mlatho wa Liwonde, ndipo amphaka a m'mudzi amayamba kusonkhana nthawi yomweyo. Izi ndikulumbira. Ena mwa amphakawo akadali moyo.

Ine pakhomopo ndine mkamwini, Mkatolika wokwatira kwa Asilamu. Chaka chimene ndinkabwerera kuchokera ku Joni, anzanga ankagulira apongozi awo mabulangete ndi mawailesi. Ine ndinati iyayi, anthu aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndinabwera ndi masipuling'i okweza galimoto, mashoko ake, ndi matayala a mano ngati a ng'ona. Makaniko wa pa Ulongwe anamanga zonsezo pansi pa mtengo wa mango. Itatsika pa jeke, galimoto inali itatalika moti apongozi aakazi ankakwera poponda pa mtondo.

Ulendo woyamba, apongozi anakhudza benchi ya tomato kumanzere kwa msewu. Ulendo wachiwiri, wakabaza wina anadumphira m'ngalande pamodzi ndi mayi amene anawanyamula. Palibe anavulala, koma sabata isanathe onse ogulitsa kumanzere anali atasamukira tsidya lina la msewu. Mbuzi nazo zinasamuka. Amene akukayika akafunse pa Ulongwe.

Madzulo ena apongozi anandiitana pakhonde, iwo pampando, ine pansi chapatali monga mwa ulemu.

"Akamwini, zitsulo zanu zija n'zabwino kwambiri."

"Zikomo, ababa."

"Kungoti zili ndi abale kumanzere. Paliponse zikufuna kukawaona."

Nkhani inafika ku Zomba kwa alamu anga, mwana wawo woyamba, amene amagwira ntchito ya mu ofesi ndipo amalankhula ngati akuwerenga. Anaimbira foni akazi anga kuti galimoto ilibe mlandu, ababa akalamba basi, ndipo kumapeto kwa mwezi abwera kudzatenga makiyi asanaphe munthu. Apongozi atamva anangochotsa makiyi pa msomali pamene ankakhala n'kuyamba kuwasunga m'chisoti chawo, kumutu. Munthuyu anayamba kuyenda msewu wa ku Chiuta akazi anga ali kumsana. Asodzi kumeneko amamusungira nsomba ngakhale achedwe. Kumulanda makiyi kunali kumukhazika pakhonde kuti masiku ake otsala azithamangitsa nkhuku pa mphale.

Choncho ine ndi makaniko tinayamba kufunafuna vuto, ndipo ndinkapemphera kuti lipezeke m'zitsulo zanga. Tinayamba ndi mpweya, poti iye anati tayala lofewa limakokera galimoto mbali yake. Onse anali ofanana. Tinasinthanitsa matayala akutsogolo, la kumanja kumanzere, la kumanzere kumanja. Apongozi anayesa, anabwera ndi nthambi ya bulugamu pa galasi la kumanzere. Tinagwira mawilo atayenda kuti timve ngati buleki ina ikugwira yokha n'kutentha. Ozizira. Tinayeza ndi chingwe kuchokera pa wilo la kutsogolo kufika la kumbuyo, mbali zonse ziwiri, kuopa kuti sipuling'i ina inakhala mopendekeka. Chingwe chinati zonse zili bwino. Makaniko anakwawira pansi, anamanga nati iliyonse imene inali yomanga kale, anatuluka, anayang'ana galimoto nthawi yaitali n'kunena kuti mwina tikaionetse ku makina a alayimenti, oyeza kuwongoka kwa mawilo, ku Balaka.

Tsiku lopita ku Balaka apongozi anali ku sadaka ya mnzawo, ndiye ndinayendetsa ndine, koyamba chiikireni zitsulozo. Nditakwera pa tara ndinagwiritsa chiwongolero, kudikira kuti indikoke. Sinakoke. Ndinamasula zala. Inkangoyenda. Ndinachotsa manja onse, ndinasenda nthochi, ndinadya, ndinapinda khoko bwinobwino, galimoto ili pa mzere ngati mwana wa sukulu pa asembule. Mulungu akundiona. Ku Balaka mnyamata wa makina anayeza n'kundiuza kuti galimoto yowongoka chonchi sanaionepo chaka chimenecho.

Ndinabwerako nditakhumudwa. M'mawa mwake ndinapempha kuperekeza apongozi kuchigayo, ndipo m'malo moyang'ana msewu ndinkayang'ana iwo. Mkono wa kumanzere unali wolimba ngati mpini, phewa litatsika, ukukokera chiwongolero pansi osapuma. Nkhope yawo inali yamtendere. Sankadziwa n'komwe kuti mkonowo uli pa ntchito.

Nditamufotokozera makaniko, anadzimenya pachipumi. Anati sipuling'i yakale ya kumanja inathyoka kalekale, apongozi anangoimanga ndi malegeni, ndipo galimoto inkakokera kumanja zaka zonsezo. Iwo ankaibweza ndi mkono kuchokera ku Kalembo mpaka ku Chiuta, kupita ndi kubwera. Ife tinachiza galimoto, mkono osauuza.

Apongozi aakazi salankhula nane maso ndi maso, mwambo sulola. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo mokweza ine ndili pomwepo. Tsiku limenelo ankasankha mpunga kuseri kwa mpanda.

"Uwauze amuna akowo asavutike ndi zitsulo. Bambo ako ngakhale wilibala amaipititsa kumanzere. Mizere yawo kumunda yonse imakathera m'munda mwa eni ake."

"Nanga bwanji simunanene, amayi?" anafunsa akazi anga.

"Anandifunsa ndani? Ine pogona ndinasamukira kale kumanja."

Tsono vuto linali lapezeka, koma lopanda kolinena. Mkamwini angayambire pati kuuza apongozi ake kuti mkono wawo ndi wokhota? Ndipo ndikanauza alamu, ndiye kuti ndawapatsa umboni umene ankaufuna. Ndinathamangira kwa makaniko kuti abwezeretse sipuling'i yakale ija. Anandilozera kwa wosula zitsulo kuseri kwa msika. Sipuling'i inali itasanduka zikwanje, ndipo china ndinachiona chikudula nyama ya mbuzi.

Ubwino wokhala Mkatolika pakhomo pa Asilamu ndi wakuti Lachisanu masana umatsala mwamuna wekha m'mudzi. Onse atapita ku mzikiti, ndinagwada pa tayala la kutsogolo la kumanja ndi kamtengo ka machesi n'kutulutsa mpweya. Osati mpaka kuphwa, iyayi, pang'ono chabe, kuti galimoto ikumbuke khalidwe lake lakale. Akazi anga anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Anthu akupemphera, inu mukuphwetsa tayala la ababa."

"Inenso ndikupemphera, mayi. Simukuona ndagwada?"

Loweruka alamu anafika, malaya osita, nsapato zowala. Anapereka moni, anamwa tiyi, kenako anati nkhaniyi tisaitalikitse. Ayendetsa okha galimoto kuti aliyense aone kuti ilibe vuto, ndipo ikatero ababa apereke makiyi mwamtendere. Apongozi anavula chisoti, anatulutsa makiyi, anawapereka osayang'ana munthu. Apa sindikuwonjezera kanthu.

Tinatenga kamsewu kafumbi kopita kudambo, alamu pa chiwongolero, apongozi pambali, ine kumbuyo pa malo a matemba. Alamu anazolowera kagalimoto kawo ka m'tauni kamene kamamva ndi chala chimodzi. Anagwira ndi dzanja limodzi, linalo likuthandiza kufotokoza.

"Mukuona, ababa? Galimoto ili bwinobwino. Ukalamba si chinthu chochititsa manyazi. Thupi likafika pena pake, munthu amayenera kuvomereza kuti..."

Mawu otsalawo anakawamalizira m'munda wa nandolo, kumanja. Galimoto inalowa mwaulemu, mosafulumira, n'kukaima pakati. Nandolo wina analowa pa windo n'kukhala pa miyendo pawo. Mwini munda, mayi wina wachikulire, anaweramuka pa mzere wake n'kufunsa ngati tabwera kudzagula.

"Ikukoka," anatero alamu, mawu atachepa. "Koma ikukokera kumanja. Paja munkati kumanzere?"

"Imasinthasintha," anayankha apongozi. "Zitsulo za ku Joni izi. Tatsika, mwanawe."

Anasinthana malo. Apongozi anaibweza m'mbuyo, anapepesa kwa mayi aja m'Chiyao, n'kuiika pa msewu. Ine kumbuyo ndinatseka diso limodzi. Tayala linakokera kumanja, mkono unakokera kumanzere, ndipo galimoto inadutsa pakati penipeni. Inadutsa kamlatho ka mitengo kamene ngakhale njinga imadutsa mopemphera. Inadutsa pakati pa nkhuku ziwiri zimene zinkakangana, osasokoneza mkanganowo. Tinafika kudambo, tinatembenuka, tinabwerera mpaka pakhomo, ndipo matayala anaponda m'mapazi awo omwe a popita.

Alamu anatsika, anazungulira galimoto, anayang'ana pansi pake ngati akudziwa chimene akufuna. Atafika pa tayala la kumanja ndinayamba kutsokomola kwambiri mpaka anabwera kudzandimenya pamsana.

"Alamu," anandinong'oneza, "zitsulo zanuzi n'zoopsa. Ababa okha ndi amene angazithe."

"Inenso ndimadabwa nawo," ndinatero.

Za makiyi sanazitchulenso. Anadya, anapakira mbatata ndi matemba m'kagalimoto kawo, anabwerera ku Zomba dzuwa likadalipo.

Tayala lofewa silikhalitsa pa msewu wa ku Chiuta, ndiye sindikanalisiya choncho. Ndinachita monga amachitira amayi poletsa mwana kuyamwa. Lachisanu lililonse, anthu akapita ku mzikiti, ndinkatenga pampu n'kuwonjezera mpweya pang'ono, wochepa moti mkono sungazindikire. Sabata ina ndinapupuluma, ndinapopa kwambiri, ndipo apongozi anabwera ndi dengu la eni ake litakola ku bampala. Ndinabweza pang'ono n'kuyambiranso modekha. Mvula yoyamba isanagwe, geji ya makaniko inaonetsa kuti matayala onse afanana, ndipo galimoto inkayendabe mowongoka. Phewa lija linakwera lokha kubwerera pamalo pake. Telala wawo anadandaula kuti mikanjo yonse imene anawasokera iyenera kusokedwanso, poti anazolowera kufupikitsa mbali imodzi.

Mpaka lero apongozi amapita ku Chiuta okha, ndipo ogulitsa tomato anabwerera kumanzere. Alamu akabwera pa Idi, amaimika kagalimoto kawo patali ndi ya bambo awo. Tikatha kudya, apongozi amawayang'ana mwachifundo n'kuwafunsa ngati chaka chino apeza nthawi yoti awaphunzitse kuyendetsa.