Ndinati Mwana Ali Bwino

Nditamaliza maphunziro a kuunika ndi makina a ultrasound, mphunzitsi wanga ananditumiza ku chipatala china cha mu Washington, kumene amasamalira ana amene sanabadwe. Ntchito yanga inali kupaka mafuta oterera pamimba, kuyendetsapo pulobu, kachipangizo kounikira m'kati, ndi kuyeza. Dokotala wamkulu anandiuza lamulo limodzi: "Iwe umayeza. Wouza mayi zimene tapeza ndine."

Mwezi wanga wachitatu pantchitoyo kunabwera Mayi Nankhoma, amene timapemphera limodzi ku Silver Spring. Mimba inali ya miyezi isanu. Pa sikirini, chikhodzodzo cha mwana chinali chotupa, impso zonse ziwiri zodzaza, ndipo madzi omuzungulira anali atatsala pang'ono kutha. Madzi amenewo ndi mkodzo wa mwanayo. Njira yake ikatsekeka, madziwo amachepa, ndipo mapapo sakula.

"Achemwali," anatero m'Chichewa, "mwangoti zii bwanji? Ali bwanji mlendoyo?"

Kwathu sitiyankha funso lotere ndi chete, ndiponso sitineneratu zoipa za mimba. Pakamwa panga panayankha ndisanaganize.

"Ali bwino, mayi."

Dokotala atalowa anafotokoza zonse m'Chingerezi: abwere Lachinayi, tikoke mkodzo wa mwana ndi singano kuti tione ngati impso zikugwirabe ntchito. Mayi Nankhoma ankagwedeza mutu, koma maso anali pa ine.

Lachinayi sanabwere. Ndinkangoyendayenda pakati pa chipinda ndi khonde, ndikupukuta pulobu imene ndinali nditapukuta kale. Tsiku lililonse lopita linali kudya mapapo a mwanayo. Ndinakaulula bodza langa kwa dokotala. Sanakalipe. Anangondikankhira foni ya pa desiki: "Imba pano, ndikumva. Unene mawu anga okha."

"Si inu munati ali bwino?" anatero Mayi Nankhoma. "Azungu amaopseza. Ine ndili ku shifiti, ndikusambitsa agogo achizungu amene ndimawasamalira."

"Ndinakunamizani, mayi. Mkodzo sukutuluka. Tikachedwa, akhoza kubadwa osatha kupuma."

Kenako anati: "Ndikukwera sitima ya Metro, ndikubwera."

Zoyeza zitalola, dokotala anayamba wathira madzi amchere m'chiberekero, kenaka analowetsa shanti, kachubu kopindika mbali zonse ziwiri, nsonga imodzi m'chikhodzodzo cha mwana, ina kunja kwa kamimba kake. Ine ndinagwira pulobu kuti nsonga ya singano isasowe pa sikirini. Dzanja linachita dzanzi, koma silinasunthe. Pang'onopang'ono, chikhodzodzo chinaphwa.

Mnyamatayo anabadwa akulira, ngakhale kuti impso zake zimafunabe madokotala. Kutchalitchi mayi ake amandipatsa moni wa ulemu, koma waufupi, ndipo sindiwadandaula.

Lero wina akandifunsa ndili ndi pulobu m'manja, ndimati: "Dokotala akubwera, ndipo ine sindichoka." Mawu amenewa satonthoza kwambiri, koma sanabwezepo munthu ku shifiti.